Agogo akayamba kuiwala

Inu a ku Nayuchi, a ku Namanja, a ku Ntaja ndi Nsanama, asodzi a m'madoko a Chiuta ndi Chilwa, ndi abale athu a tsidya la malire ku Entre Lagos amene mumatitchera khutu, madzulo ano tikambirane za ukalamba, za chimene chimachitika m'mutu mwa munthu zaka zikachuluka, ndi za anthu ophunzira amene atayirapo zaka zawo zonse za ntchito kufufuza zimenezi. Wina anena kuti izi n'za ku yunivesite, sizikhudza mudzi. Musazimitse wailesi, chifukwa mbali ina ya kafukufuku ameneyu yachitikira kwathu konkuno, m'midzi ya ku Balaka, ndipo mmodzi mwa amene agwira ntchitoyi ndi Mmalawi mnzathu.

Njanji yochokera ku Nkaya, yodutsa pa Liwonde kudzafika ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Mtsikana amene anali ndi zaka 15 pamene sitima zinayamba kulira kuno, lero wafika kale zaka 70. Anaona Chilwa ataphwa mu 1968 akali mwana, n'kudzaonanso mu 1995. Analandira othawa nkhondo a ku Mozambique mpaka mtendere unabwera mu 1992. Anaika ana ake m'manda m'zaka zimene Edzi inalusa, ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo anatola adzukulu n'kuwalera ndi khasu limodzi. Njala ya 2002 anaipulumuka. Mbadwo umenewu ndi umene uli pa makonde athu lero. Cha m'ma 2000 Mmalawi sankayembekezeka kufika zaka 50, koma pano tikupitirira 60. Zimenezi n'zoyamika. Komabe zikutanthauzanso kuti makomo ambiri ayamba kukumana ndi mavuto a ukalamba amene kale ankaoneka mwa apo ndi apo.

Ambiri a inu mwaonapo zimene ndikufuna kunena. Agogo amene ndiwo zawo zinkanunkhira mudzi wonse, lero athira mchere kawiri m'matemba, mawa asiya mphika pamoto mpaka wapserera. Akufunsa kuti chimanga mwapita nacho kuchigayo, mwawayankha, pasanathe nthawi afunsanso, kenaka afunsanso. Abisa ndalama ya Mtukula Pakhomo kudenga, aiwala, ndiye akulozera mpongozi kuti waba. Mdzukulu akumuitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Dzuwa likapendeka mtima sukhala m'malo, amanga kamtolo kuti akupita kwawo, chikhalirecho ali pakhomo pawo pomwe anakwatiwira. Tsiku lina m'bandakucha, anthu akupita kumunda, akuwapeza kuseri kwa nyumba ya eni ake, chitenje chagwa, mapazi ali fumbi lokhalokha, sakutha kufotokoza kuti afika bwanji pamenepo. Mukudziwa mawu amene amatuluka m'kamwa mwa anthu nthawi imeneyo. Amati ndege ya ufiti yawagwetsa.

Amenewa ndi matenda a ubongo. Madokotala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina amene ankaiwala, kusokera ndi kukayikira a m'nyumba mwake. Mayiyo atamwalira, dokotalayo anapima ubongo wake n'kupeza kuti wafota, ndipo munali timibulu ndi timaulusi topiringizana timene tinapha tizigawo ta ubongo. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya m'mutu ikamatsekeka pang'onopang'ono, makamaka kwa anthu a BP ndi amene anachitapo sitiroko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Amagwira Mzungu, Mmwenye, Myao, Mlomwe, shehe, m'busa, pulofesa ndi msodzi.

Tsono funso limene akatswiri a za maganizo akhala akulimbana nalo ndi ili: anthu awiri abadwa chaka chimodzi, akulira mudzi umodzi, nanga n'chifukwa chiyani wina afika zaka 85 akuweruzabe milandu pabwalo, pamene mnzake pa zaka 70 sakuzindikira ana ake? Funso limeneli simungaliyankhe pocheza ndi munthu tsiku limodzi. Mlendo amene waona Chilwa kamodzi sangakuuzeni ngati nyanja ikuphwa kapena ikudzala. Amene angakuuzeni ndi msodzi amene chaka ndi chaka amaona pamene madzi alekeza pa mtengo womwewo wa padoko. Ofufuzawa amachitanso chimodzimodzi. Amasankha anthu, kuwafunsa ndi kuwapima, n'kubwereranso kwa anthu omwewo patapita chaka, patapita zaka zisanu, mpaka ena mwa ofufuzawo imvi zimawamera ali pa ntchito yomweyo.

Ku Baltimore, m'dziko la America, kafukufuku wotere anayamba mu 1958. Akatswiri awiri a za maganizo, Paul Costa ndi Robert McCrae, anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri akufufuza khalidwe la munthu. Iwo ndi anzawo anaonetsa kuti kusiyana kwa makhalidwe athu kumagona pa zinthu zisanu: kaya munthu amada nkhawa ndi kukhumudwa msanga, kaya amamasuka pagulu, kaya amakonda kuyesa zatsopano, kaya ndi wofatsa ndi womvana ndi anzake, ndiponso kaya ndi wolongosoka, wosunga pangano, womaliza chimene wayamba. Anapezanso kuti munthu akakhwima, khalidwe lake silisinthasintha. Limapendekera pang'ono chabe, ndipo kawirikawiri limapendekera kwabwino: ambiri akamakula mtima umazizira, amapsa mtima mochedwa. Mfundo imeneyi muigwire bwino, abale anga. Ukalamba pawokha susandutsa munthu wofatsa kukhala wankhanza. Ngati amayi anu amene moyo wawo wonse sanatukwanepo ayamba kutukwana pamaso pa apongozi, ngati abambo amene sankaphonya swala ayamba kuvula pagulu, chimenecho ndi chizindikiro choti m'mutu mwalowa matenda. Sikuti khalidwe lawo lobisika laululika.

Ku Chicago, Robert Wilson ndi anzake anatsatira masisitere, ansembe ndi abulazala a Katolika okwana 997 kwa zaka zofika 12. Pofika mu 2007, anthu 176 mwa iwo anali atadwala Alzheimer. Atayang'ana mayankho amene anthuwa anapereka poyamba, asanadwale, anapeza kuti olongosoka kwambiri aja anali ndi chiopsezo chochepa ndi 89 peresenti poyerekeza ndi amene anali kumapeto kwenikweni pa kulongosoka. Antonio Terracciano ndi Angelina Sutin, amene ali pa Florida State University, apitiriza ntchitoyi, ndipo apeza mobwerezabwereza kuti nkhawa yosatha imakweza chiopsezo pamene kulongosoka kumachitsitsa. Zifukwa zina n'zosavuta kumva. Munthu wolongosoka amamwa mankhwala a BP osadumphitsa, sakhalira kachasu, amapita kuchipatala matenda asanakule. Munthu wankhawa sagona, magazi amathamanga, amadzipatula. Palinso china chodabwitsa. Pa kafukufuku wa masisitere uja, onse anavomera kuti ubongo wawo udzapimidwe akadzamwalira, ndipo mwa ena munapezeka timibulu ta matenda tija, chikhalirecho anafa nzeru zili zonse. Ndiye kuti ubongo umene wagwiritsidwa ntchito bwino moyo wonse umatha kupirira chilonda chimene chikanagwetsa wina.

Pamenepa ndichenjeze, chifukwa nkhani ngati iyi imapotozedwa msanga. Pasapezeke wonena kuti agogo akutiakuti adwala chifukwa anali osalongosoka, adziputira okha. Ayi. Anthu olongosoka kwambiri nawonso amadwala. Komanso mayi wamasiye wa ku Nayuchi amene sagona usiku, nthawi zambiri vuto si mtima wake, vuto ndi nkhokwe yopanda kanthu ndi ana asanu a malemu amene akumuyang'ana. Kafukufuku uja anachitika pa anthu ophunzira, okhuta, okhala pafupi ndi chipatala. Ofufuza ena atatenga mafunso omwewo kupita nawo kwa anthu a mtundu wa Tsimane, alimi ndi alenje a m'nkhalango za ku Bolivia, zinthu zisanu zija sizinatuluke monga zinatulukira ku America. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ntchito yofunika kwambiri kwa ife ndi imene yachitika pa dothi lathu.

Kuyambira mu 1998, ofufuza a ku University of Pennsylvania pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu akhala akuyendera mabanja omwewomwewo m'maboma atatu: Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Poyamba ankafunsa za kulera ndi za Edzi. Koma anthu amene ankawafunsawo anayamba kukalamba, ndipo mu 2012 anapatula gulu la anthu oposa 1,200 a zaka 45 kupita m'tsogolo kuti aziwatsatira pa nkhani ya thanzi la thupi, la mtima ndi la nzeru. Otsogolera ntchitoyi ndi Iliana Kohler ndi Hans-Peter Kohler, ndipo pakati pa olemba zotsatira zake pali a Pulofesa Chiwoza Bandawe.

A Bandawe ndi katswiri wa za maganizo amene aphunzitsa madokotala athu kwa zaka zambiri ku College of Medicine ku Blantyre, imene kuyambira mu 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Digiri yawo yapamwamba anaitenga ku University of Cape Town. Kwa nthawi yaitali akatswiri a mtundu wawo m'dziko muno anali owerengeka pa zala. Akanatha kukhala kunja, kumene malipiro ndi onona, koma ntchito yawo aigwirira kuno. Alembera anthu wamba m'nyuzipepala za mmene munthu angasamalire maganizo ake, ndipo mu 2010 anatulutsa buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology. Chimene akhala akulimbikira n'choti maganizo a Mmalawi sungawamvetse utamuchotsa pakati pa abale ake, mudzi wake ndi chikhulupiriro chake. Ine ntchito yotereyi ndimaipatsa ulemu waukulu, chifukwa ilibe chikondwerero chodula riboni. Ndi ntchito yokhala pansi, kufunsa, kulemba, kudikira, kubwereranso.

Taganizani mmene zimakhalira. Wofunsa wafika pa njinga, ayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikudutsa. Agogo sanapondeko m'kalasi, ndiye sungawapatse pepala kuti awerenge. Mafunso anayenera kukonzedwa mwina kuti munthu wosadziwa kulemba asaoneke ngati wodwala. Amawatchulira mawu angapo kuti awasunge m'mutu, n'kucheza zina, kenaka n'kuwafunsa kuti mawu aja anali ati. Amawatchulira manambala kuti abwereze, kenaka abwereze chobwerera m'mbuyo. Amawapatsa kachitsulo kuti afinye ndi dzanja, aone mphamvu zatsala zingati. Amawamanga lamba wa BP pamkono. Patapita zaka, munthu wina amabweranso pa mkeka womwewo ndi mafunso omwewo.

Zimene anapeza n'kusindikiza mu 2018 ziyenera kumveka pa bwalo lililonse la mfumu. Choyamba, amayi anapezeka kuti nzeru zawo zikufooka kwambiri kuposa abambo, ndipo zikutsika mofulumira zaka zikamapita. Izi sizikutanthauza kuti mkazi anabadwa ndi ubongo wochepa. Kumbukirani kuti maphunziro a pulayimale aulere anayamba mu 1994, ndipo m'mbuyomo banja likapeza fizi ya mwana mmodzi, amene ankapita kusukulu ndi mnyamata. Mtsikana ankatsala kutunga madzi, kukwatiwa msanga, kubereka motsatizana, kudya pomaliza. Ngongole imeneyo ikubwezedwa lero m'mitu ya agogo athu aakazi. Chachiwiri, amene ali ndi abale ndi anzawo ocheza nawo, amene amatuluka kukakumana ndi anthu osiyanasiyana, nzeru zawo zinali zolimba kuposa odzikhalira okha. Chachitatu, kufooka kwa nzeru kunkayendera limodzi ndi kudya mosakwanira, kupeza ndalama zochepa ndi kulephera ntchito za kumunda. Mu 2017 gulu lomweli linali litaonetsanso kuti matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ndi ochuluka pakati pa achikulire a kumudzi, makamaka amayi, ndipo amakula pamene munthu akukalamba.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kanandigwira mtima. Mu 2013, amene anapezeka ndi BP yokwera kwambiri ankapatsidwa kalata yopita nayo kuchipatala. Kalata chabe, osati mankhwala, osati ndalama. Atawayenderanso mu 2017, olandira kalata aja BP yawo inali itatsika poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene sanalandire. Anthu athu sakana chithandizo. Amangosowa wowauza kuti chizungulire chimene akumvacho chili ndi dzina ndipo chili ndi mankhwala.

Tsopano ikani mfundo ziwiri pamodzi. Ofufuza akuti kucheza kumateteza nzeru za munthu wokalamba. Ife tikangoona kuti agogo ayamba kusokonezeka, choyamba chimene timachita n'kuwasala. Ana timawaletsa kulandira chakudya kwa iwo. Pamaliro timawakhazika patali. Timawamangira kachisakasa kumapeto kwa mudzi, mbale ya nsima n'kumaitula pakhomo ngati tikuthawa. Pamenepo matenda tikuwathamangitsa ndi manja athu. Ndipo zikafika poipa, mukudziwa kumene zimathera. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira okalamba, chaka chilichonse limadandaula za agogo omenyedwa, owotcheredwa nyumba ndi ophedwa. Munthu wodwala matendawa ukamuzungulira ndi zibonga n'kumufunsa kuti, "Si inu munapha mwana uja?" amatha kuvomera, chifukwa sakumvetsa funsolo ndipo akuchita mantha. Kuvomera kumeneko si umboni. Lamulo la mu 1911 limene likugwirabe ntchito limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba. Koma lamulo lili ku Lilongwe. Amene ali pafupi m'bandakucha umene agogo apezeka kuseri kwa nyumba ndi inu a nyakwawa, inu eni mbumba, inu a polisi ya m'mudzi.

Mankhwala ochiziratu Alzheimer kulibe, ngakhale ku London kapena ku Johannesburg. Koma musaleke kupita kuchipatala chifukwa cha zimenezo. Pali zinthu zambiri zimene zimasokoneza mutu wa munthu wachikulire koma n'zochizika: malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga, kuchepa kwa magazi, chindoko chakale, kachilombo ka HIV, ngakhale kukhumudwa kumene. Agogo amene dzulo anali bwinobwino lero akubwebweta, musadikire kuti kuche kawiri, akwezeni pa njinga mupite nawo kuchipatala cha Nayuchi kapena chimene muli nacho pafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, pitani. Dzina la Zomba Mental Hospital lisakuopseni. Ndi chipatala ngati zinzake. Kumpoto ndi pakati kuli a St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gill Livingston linalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse matendawa akanatha kupewedwa kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14. Zambiri mwa izo timakhala nazo tsiku lililonse. BP ndi shuga zilipo. Fodya ndi mowa wopyola muyezo zilipo. Kuvulala m'mutu kulipo, ndipo inu anyamata a kabaza amene mumathamanga msewu wa Ntaja opanda chipewa, mutu umene mukuumenyetsa pansi lerowu mudzaufuna muli ndi zaka 60. Mpweya woipa ulipo, ndipo mayi amene waphika m'khitchini yopanda zenera kwa zaka 50 waupuma wokwanira. Kusamva ndi kusaona kulinso pa mndandandawo, chifukwa munthu amene sakumva zimene anzake akukamba amangokhala chete, kenaka amasiya kubwera pagulu. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala, agogo n'kuyambanso kuona nkhope za adzukulu. Ndipo sukulu nayo ili pa mndandandawo. Mtsikana wa ku Machinga amene mukumuchotsa m'kalasi kuti akakwatiwe, simukungomulanda ntchito ya mawa. Mukumulandanso chitetezo cha ubongo wake pa ukalamba.

Kwa inu amene mukusamala wodwala kale, ndikudziwa kuti n'zolemetsa, ndipo kawirikawiri mtolowu umagwera mwana wamkazi mmodzi pamene achimwene ake ali ku Joni. Musakangane nawo agogo akamati akudikira amuna awo amene anamwalira; afunseni kuti bamboyo anali munthu wotani, muona nkhope ikuwala. Zakale amazikumbuka bwino kuposa za m'mawa uno. Apatseni ntchito imene manja awo akuidziwa, kusankha mpunga m'lichero, kutongola chimanga, kusenda nandolo. Chikho, ndodo ndi mphasa zawo zizikhala malo amodzimodzi. Usiku muike kanthu kolira pachitseko, ndipo anansi onse, mpaka ogulitsa pa siteshoni, adziwe kuti akawaona akulowera kunjanji awagwire dzanja n'kuwabweza, chifukwa sitima za malasha zochokera ku Moatize ndi zazitali ndipo siziima pafupi. Musawamange chingwe. Abambo a pa bawo, musamuchotse mnzanu chifukwa wayamba kusokoneza njombwa. Musiyeni akhale pomwepo. Amayi a Mvano, amayi a kumzikiti, a banki m'khonde, konzani zoti tsiku limodzi pa sabata wina akakhale ndi wodwalayo kuti wosamalayo akapume kapena akalime.

Ndimalize ndi inu ophunzira a ku sekondale amene mukumvera. Dziko lino lili ndi anthu oposa 17 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, koma akatswiri a za maganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo amene angakhale pa mkeka n'kufunsa agogo m'Chiyao kapena m'Chilomwe popanda womasulira ndi ochepa kuposa pamenepo. Maphunziro amenewa alipo ku University of Malawi ku Zomba, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kuno. A Bandawe ndi anzawo aonetsa kuti ntchitoyi ingatheke m'midzi yathu. Tikufuna mwana wa ku Nayuchi adzaitenge, adzafufuze za khalidwe ndi ukalamba wa anthu a kwawo. Ndipo inu a boma ndi a zaumoyo, alangizi amene amayenda khomo ndi khomo kuyeza ana apatseni makina a BP ndi maphunziro ozindikira matendawa, kuti akafika pakhomo aziyezanso agogo.

Mafumu, mashehe ndi abusa, nkhaniyi mukainene pa bwalo, pa Ijuma ndi pa Sabata likudzali.